Omangidwa Awiri kwa Makanjira

Ulaliki wa tsiku la Sabata kwa Akristu a ku mapiri a Dowa ndi Nchisi. Mau owerengedwa: Ahebri 13:3, 1 Petro 1:18, 19.

Tawerenga mau a pawiri m'mawa uno. Oyambawo atilamulira kuti tisaiwale iwo ali m'ndende, koma tiwaganizire ngati cingwe cimene cawamanga iwo catimanga ifenso. Enawo atikumbutsa kuti mtengo umene unaperekedwa cifukwa ca ife sunali cuma ca pansi pano, koma mwazi wa Mwana wa Mulungu. Mau amenewa sabvuta kuwamva ndi makutu. Koma mtima wa munthu uli ndi mkhalidwe wace: ulirira womangidwa wa pa mtundu pace, ndipo wa kwa eni umyesa mlandu wa eni ace. Cifukwa cace lero tidzakuuzani mbiri ya Azungu awiri amene anagwidwa m'dziko lathu lino, kuti pakuwayang'ana iwo tidzipenye tokha.

Mukakwera phiri la Nchisi, kapena mukaima pa zitunda za ku Mvera tsiku lopanda nkhungu, muona nyanja iri kunyezimira kum'mawa, ndi kutsidya kwace mapiri ooneka ngati utsi. Ku tsidya limenelo, cakumwera, kunali mzinda wa Makanjira, mfumu yaikuru ya Ayao. Mfumuyo inali nazo mfuti zambiri, ndi zombo za matanga zoolokera nyanja. Ndipo cuma cace cinacokera ku minyanga ya njobvu ndi ku malonda a anthu.

M'caka ca 1888, kutatsala caka cimodzi kuti A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok afike kwa Ciwere kudzayamba Mvera, sitima ya Mission ya ku Likoma, dzina lace Charles Janson, inakoceza pa dooko la Makanjira. Anatsikamo Azungu awiri. Wina ndiye John Buchanan wa ku Scotland, amene masiku aja anagwirizira udindo wa Kazembe wa Mfumukazi Victoria m'dziko la Nyasa. Mnzace ndiye William Percival Johnson, wansembe wa ku England. Onse awiri anali anthu a ufumu wa Britain, amene makolo athu anawacha onse Angerezi. Anadza kudzalankhula ndi mfumu. Koma anthu a Makanjira anawagwira, nambvula Buchanan zobvala zace pamaso pa khamu la anthu, nawasunga m'mudzimo, osawalola kubwerera kufikira otsala m'sitima anaturutsa katundu wa m'sitimamo, nampereka akhale dipo lao. Pamenepo anamasulidwa, nabwera amoyo.

Kumangidwa kwao kunali kwa kanthawi, ndipo mbiri yace njaifupi. Koma muli zinthu zitatu m'menemo zimene tifuna kuti mupite nazo kwanu.

Coyamba, taonani kuti nsinga zibvula munthu.

Buchanan sanali mlendo kuno. Anadza m'caka ca 1876 pamodzi ndi oyamba Mission ya Blantyre, ndipo nchito yace inali ya m'munda. Anali munthu wacangu, wodziwa mbeu, wodziwanso kulankhula ndi eni dziko. Koma masiku aja Azungu a pa Mission ya Blantyre anadziyesa okha oweruza, natenga cikoti m'dzanja lomwelo loyenera kugwira Buku. Anakwapula anthu, ndipo wina anafa nazo. Mbiri itamveka ku Scotland, Mpingo wa kumeneko unatuma anthu kudzafunsa mlandu, ndipo m'caka ca 1881 Buchanan anacotsedwa pa nchito ya Mission cifukwa ca nkhanza. Anakhala mwini minda ku Zomba, nalemera, nakwera kufikira pa mpando wa Kazembe. Ndipo zitapita zaka zisanu ndi ziwiri, munthu yemweyo anaima pa bwalo la mfumu yacikuda, wopanda copfunda, anthu namseka.

Sitinena kuti Makanjira anali ndodo ya Mulungu yobwezera. Mulungu sanatiika ife kuti tiwerenge zilango za anzathu, ndipo cimene anthu a Makanjira anacita cinali coipa, pakuti mlendo wodza ndi mau samgwira. Koma tinena ici: tsiku lija nduna ya ufumu umene unali kufalikira pa dziko lonse inadziwa ndi thupi lace cimene kapolo ali yense acidziwa, kuti munthu mnzako akhoza kukugwira, nakubvula, nakuikira mtengo monga aikira mbuzi. Dzina la Mfumukazi silinampfunda. Zitacoka zobvala, panatsala munthu wopangidwa ndi dothi, wakumva manyazi, wakuopa imfa, wolingana ndi amuna aja anakwapulidwa ku Blantyre.

Akuru anati, caona mnzako capita, mawa ciona iwe. Tsono inu amene Mulungu anakupatsani mphamvu pa anzanu, inu mafumu ndi nduna, inu akuru a mpingo, aphunzitsi, akapitao, inu abambo m'nyumba zanu, kumbukirani bwalo la Makanjira. Ulemu umene muli nao ndiwo cobvala cobwereka. Musadikire tsiku lakubvulidwa kuti mudziwe kuti wokhala pansi panu ali ndi khungu lakumva kuwawa monga lanu.

Caciwiri, taonani dipo, ndi kuti analandira dipo ndani.

Azungu awiriwo anapulumuka cifukwa pa madzi panaima sitima, ndi m'sitimamo munali abale ao okhala ndi cuma. Tsono tembenuzani maso, muyang'ane mapiri athu ano m'zaka zomwezo. Nkhondo za Angoni zinali kuyenda m'zigwa. Acewa anasiya minda yao, nakwera kumapiri, ena namanga malinga. Ogwidwa pa nkhondo, ogwidwa pa njira ya kumadzi, operekedwa pa mlandu, ndi ogulitsidwa pa njala, ambiri anatsikira ku Nkhotakota kwa Jumbe. David Livingstone anafika kumeneko m'caka ca 1861, nabweranso m'caka ca 1863, naona malondawo ndi maso ace. Pamenepo anthu analongedwa m'zombo, naolotsedwa nyanja, nayenda miyezi ndi magoli pakhosi kunka ku Kilwa. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa m'caka ca 1873, koma pa nyanja yathu zombozo zinaolokabe zaka zina makumi awiri. Ndipo tikufunsani: pa anthu onsewo, anali ndi sitima yomdikira ndani? Mai wa pa phiri la Nchisi, mwana wace wamkazi atatengedwa, akadapereka ciani? Khasu lakutha ndi nkhuku ziwiri? Analira maliro opanda mtembo, natsala nazo.

Kuti mudziwe kukula kwa mtengo umene ufumu wa Angerezi unaika pa anthu ace, tamverani za dziko lina la Afrika, ndilo Ethiopia. Mfumu ya kumeneko, Tewodros, inalembera Mfumukazi Victoria kalata m'caka ca 1862, koma sanaiyankha. Mfumuyo inapsa mtima, ndipo m'caka ca 1864 inamanga Kazembe wa Angerezi, Charles Cameron, ndi maunyolo. Mlaliki Henry Stern anali womangidwa kale. Iwo ndi Azungu anzao anasungidwa m'linga la pa phiri la Magdala, ndipo ena anakhala m'nsinga zaka zinai, osadziwa ngati kudzawacera mawa. Msautso wao unali woona, ndipo Akristu a kwao sanalakwa pakuwapempherera. Pamenepo Angerezi anatumiza Sir Robert Napier ndi asilikari 13,000 ocokera ku India, ndi njobvu 44 zosenza mizinga. Anamanga dooko, nayala njanji, nakwera mapiri miyezi itatu. M'mwezi wa April 1868 omangidwawo anamasulidwa, mfumu Tewodros inadzipha yokha, Magdala anatenthedwa, ndi cuma ca m'nyumba za Mulungu za kumeneko cinafunkhidwa. Ndipo mwana wa mfumuyo, Alemayehu, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anatengedwa kunka ku England. Kumeneko anamwalira m'caka ca 1879, asanaonenso kwao, ndipo anaikidwa ku Windsor. Nkhondo yonka kukamasula am'nsinga inabwera ndi mwana wamasiye wa eni. Dzina la Stern limveka kufikira lero. Koma anyamata ace awiri, amene anakwapulidwa kufikira imfa tsiku lakugwidwa iye, awalira ndani?

Musatimve molakwa. Sikuipa kuti mtundu ufunefune ana ace otayika; mbusa wabwino atero. Coipa ndico kukhala nayo miyeso iwiri, wina wa pa mtundu pathu, wina wa kwa eni. Cikomera mbuzi kugunda garu. Ndipo nthenda imeneyi siiri ya Angerezi okha ai. Mngoni anaombola Mngoni mnzace, nagulitsa Mcewa. Myao anaombola mbale wace, naika goli pa Mnyanja. Ndipo tisabise, Mcewanso anapereka mwana wa mlongo wace kulipira mlandu, nagula nsaru ndi munthu wa mudzi wina. Tikafuna kuloza cala, tiyambe taona kumene ziloza zala zinazo.

Cacitatu, taonani cimene cimera pa nsinga zitamasuka.

Kucokera pa bwalo la Makanjira kunaturuka njira ziwiri. Yoyamba ndiyo ya maufumu a dziko lapansi. M'caka ca 1889 Buchanan analengeza kuti dziko la mapiri a ku Shire liri m'manja mwa Mfumukazi, ndipo m'caka ca 1891 dziko lonse lino linalowa pansi pa Angerezi, Harry Johnston nakhala wolamulira. Boma latsopanolo silinaiwala cipongwe cocitidwa pa Kazembe. Caka comweco Johnston ndi Captain Cecil Maguire anadza ndi asilikari a ku India, naombera mzinda wa Makanjira ndi mizinga, nautentha. M'mwezi wa December Maguire anabweranso pa sitima ya Domira kudzatentha zombo, naphedwa m'madzi. Anzace awiri, Dr. Boyce ndi McEwan woyendetsa makina a sitimayo, anaitanidwa kumtunda ndi mau a mtendere kuti akatenge mtembo. Ndipo atafika anagwidwa, naphedwa. Iwo sanapeza dipo. Nkhondo inapitirira, m'caka ca 1893 pa malo a Makanjira panamangidwa linga lochedwa Fort Maguire, ndipo potsiriza mfumuyo inathawira ku dziko la Apwitikizi. Buchanan mwini anamwalira ku Chinde m'caka ca 1896, ali pa ulendo wonka kwao.

Tinene zoona zonse. Moto umenewo unaletsa zombo za akapolo, ndipo ana ambiri a kuno anakula kwao amene akadafera pa njira ya ku Kilwa. Pa ici tiyamika Mulungu, amene adziwa kuturutsa cokoma ngakhale m'mkwiyo wa anthu. Koma m'midzi yotenthedwayo munalinso nkhalamba ndi makanda osadziwa kanthu za Kazembe. Ndipo magoli atatha, kunadza msonkho wa nyumba, ndi thangata, ndi kulandidwa kwa minda. Manyazi a tsiku limodzi analipidwa ndi mwazi wa zaka zambiri, wa Azungu ndi wa anthu akuda. Umo ndimo abwezera mafumu: cipongwe cibala nkhondo, nkhondo ibala maliro, ndi maliro abala cipongwe cina.

Njira yaciwiri ndiyo anayenda Johnson. Munthu ameneyu anadziwa kale kusauka. Anadza ku Afrika m'caka ca 1876. Anakakhala kwa Mataka ku Mwembe m'caka ca 1880, ndipo caka cotsatira anapitikitsidwa, katundu wace nafunkhidwa. M'caka ca 1882 anafika ku nyanja ndi bwenzi lace Charles Janson, amene anamwalira atangofika. Ndiye mwini dzina la sitima ija. M'caka ca 1884 nthenda ya maso inamgwira, inamsiya ndi diso limodzi lopenya pang'ono. Pamwamba pa zonsezi anagwidwa kwa Makanjira. Wina akadati, kwakwanira, dziko ili silifuna Mau, ndibwerere kwathu. Koma iye atamasulidwa anakweranso m'sitima, nayamba pomwe analekera. Zaka 40 zina anayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja, naikamo aphunzitsi, natembenuza Malembo m'Cinyanja ca ku Likoma ndi diso lace limodzilo, kufikira anamwalira ku Liuli m'caka ca 1928, naikidwa pakati pa anthu a ku nyanja. Sanali wa mpingo wathu. Mission yace ndiyo inafika ku Nkhotakota m'caka ca 1894, caka comwe Robert Blake anayamba Kongwe. Ndipo abale athu a Anglican okhala nafe m'mapiri a Nchisi ndiwo zipatso za mtengo umenewo. Koma citsanzo cokoma sicifunsa mpingo. Anthu anamcitira coipa kawiri, ndipo iye anawabwezera ndi moyo wace wonse.

Kodi mphamvu yotere icokera kuti? Sicokera ku Oxford kumene anaphunzira, kapena ku mwazi wa Angerezi. Icokera kwa Womangidwa wina, amene Johnson anamtumikira, amene ifenso tasonkhanira m'dzina lace. Iyenso anagwidwa usiku, namangidwa. Iyenso anaikiridwa mtengo, ndipo unali mtengo wa kapolo. Asilikari a ufumu waukuru wa masiku ajawo anambvula pamaso pa anthu, namkwapula, namseka. Pa madzi panalibe sitima yomdikira. Abwenzi ace anathawa. Akadafuna, makamu a Kumwamba akadatsika, ocuruka koposa a Napier. Koma sanawaitana, pakuti Iye sanadza kudzaomboledwa. Dipo linali Iye mwini. Ndipo dipo limenelo liribe miyeso iwiri. Mwazi umene unakwanira Kazembe wa Mfumukazi ndiwo womwe unaperekedwa cifukwa ca mtsikana uja anatsika phiri la Nchisi ndi goli pakhosi. Ndipo ukadakwanira Makanjira yemwe, akadaufuna. Mabuku a anthu analemba maina a Azungu awiri. Buku la Mwanawankhosa silisiya ndi mmodzi yense wa iwo ali ace; ndipo misozi ya oolotsedwa nyanja Mulungu anaiwerenga yonse.

Tsono, abale, tidzatani nao mau awa? Magoli anaoka kale, ndi zombo za Jumbe zinaola. Koma omangidwa sanathe, ndipo sitisowa kuoloka nyanja kuti tiwapeze.

Pano pa Dowa pali Dzaleka. M'masiku a ulamuliro wa cipani cimodzi panali ndende, ndipo anatsekeredwamo anthu a dziko lino osapalamula kanthu koma maganizo ao ndi cipembedzo cao. Pakati pao panali a Mboni za Yehova. Cinyumba ca ndendeyo cinaima pakati pa midzi ya Akristu. Ali yense wa ife amene anali wamkuru masiku aja adzifunse mumtima ngati anawakumbukira, kapena anati, si a mpingo wathu. Kuyambira caka ca 1994 malo omwewo akhala msasa wa othawa nkhondo, ocokera ku Congo, ku Burundi, ku Rwanda ndi kwina, anthu zikwi zambiri opanikizana pa malo ocepa. Alibe maunyolo, koma munthu wosakhoza kubwerera kwao, wosakhozanso kupita kumene afuna, adziwa kanthu za nsinga. Mukomana nao pa msika ndi pa njira. Muwacha maina otani? Muwayesera cimanga ndi muyeso uti?

Alinso ana athu eni ali m'ndende za Boma, ku Maula ndi kwina. Ena analakwadi, ndipo cilango cao ncoyenera. Ena adikira mlandu wao miyezi ndi miyezi. Mau tawerengawa sanati tiyambe tafunsa ngati ngolakwa. Mpingo uli wonse pano uli naye wace amene dzina lace silichulidwanso pa mapemphero cifukwa ca manyazi. Mkazi wace akhala kumbuyo m'nyumba ya Mulungu, ndi ana ace alibe wowalimira. Inu akuru a mpingo, inu amai a Cigwirizano, sitima yace ya munthu ameneyo ndinu. Mukapanda kuima pa dooko, adzaima ndani? Sopo, ufa pang'ono, kalata, ulendo umodzi wokamuona: dipo lace si lalikuru.

Ndipo cotsiriza cikhala m'kamwa mwathu. Kufikira lero, pakutsutsana za ufumu, za munda, kapena za ukwati, amveka mau akuti, uja ngwa kapolo, agogo ace anacita kugulidwa. Mkristu wonena cotero asema goli latsopano, naliika pakhosi pa mbale amene adya naye pa Gome la Ambuye. Momwemonso iye amene asungira Mngoni kapena Myao wa lero mlandu wa makolo ace. Tonse tiri adzukulu a ogwira ndi a ogwidwa. Mwazi unasanganikirana kale m'mapiri muno, ndipo palibe pfuko loti lidzitame. Tonse tinali akapolo a chimo, ndipo tonse tinagulidwa ndi mtengo umodzi.

Cifukwa cace, pamene mubwerera kwanu madzulo ano, mukaona nyanja kum'mawa, kumbukirani awiri aja anaomboledwa ndi katundu wa m'sitima. Kumbukiraninso unyinji uja unaoloka wopanda woombola. Ndipo ali yense asagone asanachule pamaso pa Mulungu dzina la womangidwa mmodzi amene amdziwa, nafunse cimene adzamcitira sabata lino.

Tipemphere. Ambuye Yesu, Inu munamangidwa kuti ife timasuke, munabvulidwa kuti ife tibvekedwe. Mutikhululukire miyeso yathu iwiri. Mukumbukire onse ali m'ndende ndi m'misasa, a mtundu wathu ndi a mitundu yina. Mucotse m'mitima mwathu kubwezera, ndipo mutipatse mtima wa kubwerera kwa iwo anaticitira coipa, tiri ndi cokoma m'manja. M'dzina lanu tipempha. Amen.